Kachala ka Rejoice

Lachiwiri, 8 Okutobala 2024

Tafika kunyumba, ku Nazombe. Ine, mwana, ndi fumbi lonse la msewu wa ku Chiringa m'tsitsi. Mwamuna wanga Elton anapeza galimoto ya mnzake, koma mabampu aja ndinawamva onse pamene anandisoka.

Wamkazi. Rejoice. Dzinali anasankha ndi E. mwana adakali m'mimba.

Ali ndi zala zisanu ndi chimodzi kudzanja lamanzere. Kachala kenako kali pambali pa kachala komaliza, kofewa, kopanda fupa, kakungolendewera ngati njere ya nandolo wamuwisi. Kali ndi kachikhadabo kakenso. Anamwino anandiuza monong'ona ngati akulengeza maliro, ine n'kuyamba kuseka mpaka ulusi kundipweteka. Zaka ziwiri ku Joni ndikuwerenga zala za mbewa pa maphunziro anga, kubwera kuno mwana wanga yemwe n'kundibweretsera homuweki.

Akuti n'chosavuta, akakhwimako pang'ono tidzapite akakachotse. Ndikudziwa kale zimenezo.

E. sanaseke. Anayang'ana kamodzi, n'kubweza kadzanjako m'shawelo. Mwina ndi kutopa. Nayenso sanagone bwino masiku amenewa.

Lachitatu, 9 Okutobala

Amayi akuti ndisatuluke panja mpaka mchombo wa mwana utagwa. Chabwino. Ndatsegula laputopu, chaputala chomaliza cha digiri yanga chikundidikira. Ndikufuna ndichimalize tchuthi chauchembere chisanathe, chifukwa ndikabwerera kusukulu ana a Folomu 4 sandipatsa mpata.

Ndakhala ndikuyang'ana zithunzi za timanja ta miluza ya mbewa, kwinaku kadzanja ka Rejoice kali pabere langa. N'chimodzimodzi ndithu. Dzanja limayamba ngati kachipande, lopanda zala. Mbali imene kudzakhale kachala komaliza kuli timaselo totulutsa mankhwala enaake, ndipo amafalikira ngati utsi wa kukhitchini: pafupi ndi moto ngochuluka, kutali ngochepa. Pamene achuluka pamamera kachala komaliza, pamene sanafike pamamera chala chachikulu. Chala chilichonse chimadziwa dzina lake poona kuchuluka kwa utsi umene chalandira. Ndiye pali jini ina, Gli3, imene ili ngati buleki, imati basi zakwana zisanu. Mbewa zanga zinali zoti buleki imeneyi ndi yofooka. Kholo limodzi lokha likakhala nayo yofooka, pafupifupi theka la ana amabadwa ndi chala chapadera.

Zimenezi E. amazidziwa pamtima. Ndili ku Joni ndinkamuyeserera pafoni zimene ndikanene pamaso pa aphunzitsi, mpaka ankanditsirizira ziganizo. "Utsi wa kukhitchini," iye n'kumaseka. Fanizo limeneli anandipatsa ndi iyeyo.

Amalume a Saulos anabwera kudzaona mwana ali pakhomo. Nthabwala yawo ndi yomwe ija: "Kukwera ndege kukaona mbewa, pomwe kuno timangokumba kuseri kwa nyumba!" Atamva za kachala anangoti, "Ameneyo adzakhala wolemera, adzagwira zambiri." Basi, n'kupempha madzi akumwa.

Lachinayi, 10 Okutobala

Apongozi abwera kuchokera ku Nkhulambe, pamodzi ndi alamu anga a Eveles, achemwali ake a E. Anabweretsa ufa, makaka a chinangwa chouma ndi nkhuku. Analowa akuimba. Anamulandira mwana bwinobwino, kumuvula kachipewa, kuyamikira tsitsi. Kenako anatambasula kadzanja kaja.

Nyimbo inathera pomwepo.

"Ichi n'chiyani?"

Ndinayamba kufotokoza ngati ndili m'kalasi. Kupusa kwanga. Ndinati si matenda, zimachitika kawirikawiri, ndi nkhani ya majini basi.

"Majini?" Anamubweza mwana m'manja mwanga mofulumira ngati wawatentha. Amayi nawonso anagwira pakamwa. Ndinayesa kukonza, ndinati sindikunena ziwanda ayi, ndikunena zimene mwana amatengera kwa makolo, za m'magazi.

"Oo, za m'magazi," anatero apongozi. "Ndiye magazi a ndani? Kwathu kulibe zimenezi. Kwanu kuno zilipo?"

Amayi anati sanazionepo.

Apongozi anatembenukira kwa a Eveles n'kuyamba kulankhula Chilomwe chothamanga, poganiza kuti ine wa kusukulu sindimva. Ndinamva. Ankawerenga miyezi pa zala, kuyambira pamene ndinabwera kuchokera ku Joni. Mwana wafulumirako pang'ono, n'zoona, anamwino ananenanso. A Eveles ankangoyang'ana pansi.

E. anali ataima pakhomo nthawi yonseyi. Ndinamuyang'ana kuti alankhule. Mawu awiri okha akanakwana. Iye anatulutsa foni, n'kunena kuti alimi a kalabu imene amailangiza akumudikira ku Chiringa.

Nkhuku ija apongozi anabwerera nayo. Sindikudziwa ngati anachita kuiwala kuisiya.

Loweruka, 12 Okutobala

E. sanagone kuno dzulo. Akuti chionetsero cha zaulimi chinatha mochedwa. Lero foni yake sikupezeka.

Mwezi uno, nandolo atakololedwa kale, mvula isanagwe, akuonetsa chiyani m'munda?

Lamulungu, 13 Okutobala

Amayi abwera kutchalitchi nkhope ili gwa. Sanafune kunena, ndachita kuwakakamiza.

Nkhani zilipo ziwiri. Ena akuti mbewa zimene ndinkang'amba ku Joni zabwezera pa mwana. Imeneyo ndaseka. Ina ndi yoti bambo wa mwanayu ndi mwamuna wina wa ku Joni, ndipo pali chithunzi, wandikoleka dzanja paphewa.

Chithunzicho ndikuchidziwa. Ndi Howard, Mmalawi mnzanga wa mu labu, tsiku limene tinamaliza kuyeza mbewa zomaliza. Tinalipo anthu asanu ndi mmodzi pa chithunzipo, mkazi wake wa Howard ali mbali inayo. Amayi a mvano amene anachiona akuti pali anthu awiri okha.

Ndiye kuti wina anachidula.

Chithunzi chimenecho sindinachiike paliponse. Ndinatumizira munthu mmodzi yekha padziko lapansi, ndi mawu oti "ndatsala pang'ono kubwera, wokondedwa."

Ndafufuza m'foni kuti mwina ndinatumiziranso wina ndaiwala. Ndafufuza kawiri. Ndimafunitsitsa nditapeza kuti ndine ndalakwitsa.

Lolemba, 14 Okutobala

E. anabwera masana, dzuwa lili pamutu. Sanalowe kuchipinda kumene kuli mwana, anakhala pabalaza ngati mlendo.

Ndinamufunsa za chithunzi. Akuti amayi ake anachiona okha m'foni. Amayi ake amene satha n'kuyankha komwe foni ikaitana.

"Elton, ukudziwa bwinobwino mmene zala zimapangikira. Unkandimvetsera. Bwanji sunawauze?"

"Zimenezo ndi za mbewa," anatero. "Munanena nokha kuti zimachokera kwa kholo. Inu mulibe. Ndiye mukufuna anthu aganize chiyani?"

Inu. Kuyambira tili pachibwenzi sananditchulepo inu tili awiri. Ndinali Pru, ndinali iwe.

Ndinati nthawi zina zimangoyamba zokha pa mwana, nthawi zina kholo limakhala nazo koma osaonekera. Ndinadzimva ndikulankhula ngati woimbidwa mlandu, bere likudontha pa bulauzi.

"Ine sindinanene kuti si wanga," anatero. "Ndangonena kuti sindikudziwa."

"Ukundiyang'ana ine n'kumati sukudziwa?"

Sanandiyang'ane. Analowa kuchipinda, ndinaganiza kuti akukamuona mwana. Anatuluka ndi malaya, nsapato za kutchalitchi ndi jekete. Akuti akakhala kaye ku Chiringa mpaka ankhoswe akambirane, kuti mitima izizire.

Nyumba ino tinamanga limodzi pamalo a amayi anga. Njerwa anaumba ndi manja ake. Anatseka chitseko pang'onopang'ono kuti mwana asadzuke. Chimenecho n'chimene chandiliza, kutseka mwaulemuko.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Tsiku la Anakubala. Langa loyamba. Pa wailesi nyimbo zokhazokha zotamanda amayi, ndazimitsa.

Lachitatu, 16 Okutobala

Mchombo wagwa. Amayi ameta mwana, tatuluka panja. Palibe wa kuchimuna amene anabwera.

Ndachita chinthu chochititsa manyazi. Amayi akusenda chinangwa ndinawagwira manja n'kumawatembenuza, kufuna kachipsera. Kenako amalume. Kenako mapazi anga omwe. Ndikufuna umboni woti ndikapereke kwa anthu, pa mlandu woti ndikudziwa kuti sindinapalamule.

Amayi anangondisiya ndiwatembenuze. Kenako anati, "Mwanawe, ngakhale ine wayamba kundiyeza ngati mbewa zako?"

Phiri la Michesi lero silikuoneka n'komwe, utsi wa moto wolusa uli ponseponse. Kutentha.

Lachinayi, 17 Okutobala

Izi ndiyenera kuzilemba.

A Eveles abwera okha, pa njinga, ulendo wonse wochokera ku Nkhulambe. Anauza apongozi kuti akupita kuchigayo, ndipo thumba la chimanga linalidi pa kaliyala. Anapempha kuti tikhale kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango. Anamunyamula Rejoice nthawi yaitali, akusisita kachala kaja ndi chala chawo chachikulu.

Kenako anati, "Alamu, ine tulo sindikugona. Elton anabadwa chonchi."

Ndinati chiyani?

"Dzanja lomweli, malo omwewa. Ine ndinali kamtsikana, ndine ndinamugwira miyendo pamene amayi ankamanga kachalako ndi ulusi wa thumba. Kanada, kenako kanagwa. Anandiopseza kuti ndisadzauze munthu, ankaopa kuti anthu azidzati mwana ngwamatsenga."

Kachotupa kaja. Kali m'mbali mwa dzanja lake lamanzere, kolimba ngati njerewere. Ndakagwira kangati? M'tchalitchi pa ukwati wathu ndinakagwira. Anandiuza kuti anadzicheka ndi chikwakwa ali mwana akumweta udzu. Ine, amene ndimatha kuona chala chapadera pa kadzanja kochepa kuposa njere ya mpunga, ndinakhulupirira za chikwakwa. Dzulo ndatembenuza manja a mudzi wonse, la iye silinandibwerere n'komwe m'mutu.

Ndinayesa kumuikira kumbuyo komaliza. Ndinati mwina iye sadziwa, anali khanda.

A Eveles anapukusa mutu. "Amadziwa. Tikayambana ndinkamunena nacho, iye n'kumalira."

Pamenepo ndinakumbukira. Chaka chatha, pafoni, nditamufotokozera za buleki ija, anafunsa kuti, "Nanga kwa anthu zimathekanso? Bambo akakhala nacho, mwana angatengere?" Ndinasangalala bwanji tsiku limenelo! Ndinauza anzanga mu labu kuti mwamuna wanga amafunsa mafunso kuposa ana asukulu.

Ndinafunsa a Eveles kuti nanga n'chifukwa chiyani. Munthu angakane bwanji dzanja lake lomwe?

Anayang'ana kunjira kaye. Kenako ananena.

Dzina lake ndi Queen. Amagulitsa mu shopu ya mbewu ndi feteleza pa Chiringa. Zinayamba ine ndili ku Joni, sizinathe nditabwera. Ali ndi mimba yaikulu, mwina mwezi wamawa. Apongozi akudziwa, akhala akumupititsira ufa. Makolo a mtsikanayo akufuna ukwati, ndipo E. ndi mlembi wa mpingo, sangasiye mkazi popanda chifukwa chomveka. Ankasowa chifukwa. Ndiye Rejoice anabadwa nacho m'manja.

"Musanditchule, alamu. Ndikhala nawo mudzi umodzi anthu amenewa."

Ndinalonjeza. Ananyamuka kupita kuchigayo kuti bodza lawo likhale ndi ufa.

Lachisanu, 18 Okutobala

Sindinadye. Amayi akuti mkaka uuma, ndamwa thobwa mokakamiza.

Chimene chikundiwawa kwambiri si Queen. Ndadzifunsa tsiku lonse ndipo si iyeyo. Akanabwera E. n'kunena kuti Pru, unachoka nthawi yaitali, ndinalakwa, ndikanalira, ndikanaswa mbale, koma ndikanamva kuti ndikulankhula ndi munthu amene ndimamudziwa. Koma anaona kadzanja ka mwana wake tsiku loyamba, anazindikira kuti ndi dzanja lake, n'kuliphimba ndi shawelo. Kuchipatala komweko anali atayamba kale kuwerengera. Ine ndikuseka, iye akuwerengera.

Ndipo anatenga zimene ndinamuphunzitsa ine. "Munanena nokha kuti zimachokera kwa kholo." Anasankha theka la phunziro limene limamuthandiza.

Ndatsegula chaputala chija, ndatseka. Pa tsamba lothokoza ndinalemba kale kuti "kwa mwamuna wanga, amene anamvetsera." Inde, anamvetseradi.

Amalume akuti ankhoswe akumana Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, pakhomo pano. Ndawauza kuti ndidzalankhula ndekha. Anati mwambo wake amalankhula ndi iwo. Ndinati adzayambe iwo, ndidzamalize ine. Anandiyang'ana, n'kuti, "Chabwino, mayi a mbewa."

Loweruka, 19 Okutobala

Rejoice wayamba kutsegula maso nthawi yaitali. Amayang'ana denga ngati pali nkhani. Ndamusambitsa, ndapukuta kachala kaja mosamala, kamakola ulusi wa shawelo.

Makutu ndi a E. Chipumi ndi cha E. Ndikanakonda ndikanapanda kuona.

Lamulungu, 20 Okutobala

Zatha. Ndilembe mwadongosolo ndisanaiwale.

Tinakhala pakhonde. Kwathu: amalume, amayi, ine ndi mwana. Kwawo: apongozi, E., ndi nkhoswe yake a Sitima, alongo awo a apongozi, amene amakhala kutali ku Migowi ndipo anangoitanidwa dzulo. A Eveles sanabwere. E. anavala jekete, kutentha konseku, manja ali m'matumba.

Apongozi analankhula nthawi yaitali. Za ku Joni, za miyezi, za chithunzi. Anati iwo sakunamizira munthu, koma mwana wabwera ndi chizindikiro chachilendo, ndipo mtundu wawo chiyambire sunaonepo zotere. Amalume anafunsa E. ngati ali ndi mawu. Anati amayi anena kale.

Amalume anandiyang'ana.

Ndinali nditakonza zambiri, za mbewa, za buleki, za theka la ana. Zonse zinauluka. Ndinangoti, "Ndili ndi pempho limodzi. Bambo a Rejoice aike dzanja lawo lamanzere pamphasa apa, pafupi ndi la mwana."

E. anati izi ndi zachibwana, sitinabwerere masewera. Apongozi anayamba kukweza mawu.

A Sitima anali asanamuone mwana bwinobwino. Anasendera, anavala magalasi, n'kutambasula kadzanja kaja. Kenako anaseka, kuseka kwenikweni kwa munthu wosadziwa kanthu.

"Aa! Nkhani yake ndi imeneyi? Achemwali, si chija munamumanga Elton ndi ulusi chija? Ndinabwera kudzaona mwana ine, chaka cha njala chija, ndinapeza kachala katada bii. Mwaiwala?"

Apongozi anayang'ana kumbali.

"Tulutsa dzanja, iwe," anatero a Sitima, kuseka kutatha.

Analitulutsa. Sanaliike pamphasa, analisiya pabondo. Kachotupa kaja kanali pomwepo pamene kakhala nthawi zonse. Amayi anga anaimirira, anapita kukaliyang'ana pafupi, n'kubwerera kudzakhala pansi. Apongozi anati iwo anakalamba, zinthu zina amaiwala.

Ndiye chimene sindinachiyembekezere. Anthu onse anapumira m'mwamba, ngati katundu watsika. A Sitima anaomba m'manja, akuti tithokoze Mulungu, mwana ndi wathu, mlandu watha, mnyamatayu apepese abwerere m'nyumba. Amalume anagwedeza mutu. Ngakhale amayi anga nkhope inamasuka. E. anagwada, anati, "Pru, pepa. Ndinasokonezeka."

Pru. Wabwerera kukhala Pru.

Ndinafunsa kuti, "Nanga Queen abwerera m'nyumba iti?"

A Sitima anati Queen ndani. Anayang'ana mlongo wawo, anayang'ana E., kenako anavula magalasi n'kuwaika m'thumba.

Apongozi ndi amene anatsegula pakamwa. "Mwamuna ukamusiya zaka ziwiri ukusamala mbewa, umati adya chiyani?"

Pamenepo mtima wanga unakhala pansi, sindikudziwa chifukwa chake. Ndinati, "Mwana ndi wake, mwaona nonse. Adzamuona nthawi imene akufuna, adzamusamala monga bambo. Koma pakhomo pano sagonanso."

Amalume anati ndisafulumire, mtima ukapsa suphika bwino. Ndinati ndaganiza kuyambira Lachinayi. E. anayamba kulira, zenizeni, mamina ndi misozi. Anati anachita mantha, zinthu zinamukulira, sankadziwa potulukira. Ndikukhulupirira kuti ananena zoona. Potulukira pake anapapeza pa dzanja la mwana wa masiku ochepa.

A Sitima potsanzikana anandigwira dzanja ndi manja awiri. Anati, "Mayi, ine anandiuza kuti ndikubwera kudzamva mlandu wanu." Anakwera njinga osadikira anzawo.

Lolemba, 21 Okutobala

Mauthenga a E. akungolowa. Mavesi. Zithunzi za ukwati wathu. Sindikuyankha.

Amayi akuti banja ndi kupirira, iwo anapirira zambiri ndi malemu bambo. Ndinawafunsa ngati bambo anawakanapo mwana pamaso pa anthu akudziwa kuti ndi wawo. Anangodzuka n'kupita kukatenga madzi osamba a Rejoice.

Amayi a mvano aja amene anaona chithunzi adutsa pano kawiri lero, akuti amadzaona mwana. Aliyense akufuna kuona kachala. Ndawauza kuti wagona.

Lachiwiri, 22 Okutobala

Ndalemba masamba atatu. Oyamba chibadwire mwana. Tsamba lothokoza ndalisiya kaye lopanda kanthu.

Lachinayi, 24 Okutobala

M'mawa ndikuyanika matewera ndinamva odi wa mawu otsika. Mtsikana ataima patali ndi khonde, pafupi ndi mulu wa makoko a nandolo. Chitenje chatsopano, mapazi otupa ali fumbi lokhalokha. Mimba yafika pakhosi. Sindinafunse dzina.

Ndi mwana. Ndinkaganiza za mkazi wochenjera, wa milomo yofiira. Uyu mwina anamaliza Folomu 4 chaka chatha kapena chinacho. Akanatha kukhala wa m'kalasi mwanga.

Amayi anatuluka m'khitchini atagwira chikuni. Ndinawauza kuti alowe.

Mtsikanayo anagwada pafumbi pomwepo, movutikira. "Madamu, sindinabwere kudzayambana. Anandiuza kuti banja lanu linatha kalekale, kuti munapeza wina ku Joni. Chithunzi anandionetsa."

Ndinkafuna ndimve chidani, ndinachifunafuna, chinalipo koma chochepa kuposa mmene ndinkayembekezera.

"Anthu akuti inu munaphunzira za zimenezi," anatero. "Za zala. Ndimafuna ndidziwe ngati wanganso adzabadwe choncho. Ngati ndi matenda. Kusikelo ndikuopa kufunsa."

Wayenda wapansi kuchokera ku Chiringa, ndi mimba imeneyo, kudzafunsa funso la sayansi.

Ndinamuuza. Ndinati zikhoza kutheka, zikhoza osatheka, zili ngati kuponya ndalama m'mwamba. Ndinati kachala kotere pakokha si matenda, mwana amakula bwinobwino, ndipo asadzalole munthu kukamanga ndi ulusi kunyumba, adzapite kuchipatala. Ankagwedeza mutu ngati akulemba notsi.

Kenako anafunsa, maso ali pansi, "Nanga akadzabadwa alibe? Sadzanena kuti si wake?"

Ine anandikana chifukwa kachala kalipo. Uyu akuopa kudzakanidwa chifukwa kalibe. Ndipo sindikanamuuza kuti akuopa zachabe.

Ndinati, "Za zala ndakuuza zimene ndikudziwa. Zinazo sindikudziwa. Ndinkaganiza kuti ndimamudziwa."

Anayamba kulira mosatulutsa mawu, akadali chogwada padzuwa. M'nyumba Rejoice anadzuka n'kuyamba kulira nayenso. Ndinaima pakati, thewera lonyowa lili m'manja.

Ndinalowa, ndinamutenga mwana. Potuluka ndinakoka mpando ndi phazi mpaka pamthunzi.

"Dzuka apo, miyendo itupa. Khala apa."

Anakhala. Ndinaitana amayi kuti abweretse madzi akumwa, anachedwa dala koma anabweretsa. Queen anamwa kapu yonse osapuma. Atamaliza anayang'ana shawelo, n'kuyang'ana ine.

"Ndingakaone?"

Ndinatulutsa kadzanja kaja.